Ndege Yomwe Inakhotera ku Famu ya Mlamu

Panali munthu wina woyendetsa ndege zing'onozing'ono, zija zokwera anthu anayi. Anzake ankamutcha Kabawi. Anali atauluka zaka makumi awiri osachitapo ngozi, ndipo sankatopa kuzinena.

Tsiku lina anamutuma kukasiya nesi ndi makatoni a mankhwala ku chipatala china chakutali, kum'mawa. M'mawa womwewo mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anatulukira pabwalo la ndege ndi injini ya chigayo. Anamukokera pambali.

"Alamu, mungondiponya ku famu. Msewu wadukatu ndi mvulayi."

Famuyo inali kumadzulo, kuseri kwa mapiri. Kabawi anavomera.

Makaniko ataona injiniyo anapukusa mutu. "Bwana, katunduyu wachuluka. Komanso kachipangizo kaja koitana opulumutsa ndege ikagwa, batire yake inatha. Yatsopano ifika mawa. Bwanji mudikire?"

"Iwe, ine ndinayamba kuuluka usanamere mano," anatero Kabawi. "Kweza. Zonsezi zikutsikira ku chipatala."

Ku ofesi analembetsanso chimodzimodzi. Za ku famu sanatchule, podziwa kuti amukaniza.

Atauluka pang'ono anakhotera kumadzulo. Nesi anafunsa, "Bambo, njira yake ndi ino?"

"Musadandaule mayi, tingodutsa penapake."

Pofika kumapiri mitambo inatsika, kutsogolo kunangoti mbuu. Kabawi anayesa kukweza ndege, koma inalemera, inkangonjenjemera. Nesi anaona nthambi za mitengo pawindo. Kenako chiphokoso.

Atatsitsimuka anali m'chigwa chakuya, mvula ikugwa. Nesi anali atathyoka mkono. Mlamu anangochekeka pamphumi. Koma injini ija inali itadula zingwe n'kukankha mpando wa Kabawi, miyendo yake n'kupanikizika pansi pa zitsulo. Awiriwo anayesa kuisuntha, osatheka. Mafoni onse analibe netiweki. Wailesi ya ndege inali itafa.

"Atipeza," anatero mlamu. "Ndege si singano."

Kabawi anayang'ana kumbali. "Atipeza bwanji alamu? Akutifuna kum'mawa. Palibe akudziwa kuti tili kuno."



Tsiku lachiwiri anamva ndege ikulira kutali. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Anayesa kuyatsa moto kuti utsi uoneke, koma nkhuni zinali zonyowa. Kulirako kunamka kuchepa mpaka kunangoti zii.

M'mawa wa tsiku lachitatu anapeza mapazi a afisi atazungulira ndege yonse, ena pachitseko penipeni. Nesi anali atamanga mabala a Kabawi ndi mabandeji a m'makatoni, koma miyendo inayamba kuda ndi kununkha, thupi likutentha ngati mbaula.

"Mayi, musandisiye ndekha," anatero Kabawi. "Zibwera zindidye ndili moyo."

Nesi anatsala. Mlamu ananyamuka wapansi kutsata mtsinje. Anayenda mpaka tsiku lachinayi, pamene anakumana ndi mayi wina wozula bowa amene anamulondolera kwa anthu. Uthenga unafika, koma helikopita inalephera kutera chifukwa cha nkhungu ndi mitengo. Galimoto zinaima pa mlatho wokokoloka. Opulumutsa anauyamba wapansi atanyamula machira.

Anafika tsiku lachisanu masana. Anapeza nesi atakhala pachitseko cha ndege, kachitsulo kali m'manja, akuingitsa miimba. Kabawi anali atamwalira dzulo lake. Dokotala wina anati akanapezeka tsiku loyamba akanataya miyendo yokha.

Mkazi wa Kabawi anakapeza mchimwene wake kuchipatala. Sanalire. Anangoima kumiyendo kwa bedi.

"Achimwene, masiku anayi ndakhala pabwalo la ndege, kugwadira anthu kuti afufuzenso kum'mawa. Inu kumadzulo mumakatani?"

Mpaka lero funsolo silinayankhidwe, ndipo awiriwo salowerana m'nyumba.

Phunziro: Wodziwa ntchito akati dikirani, dikirani, ngakhale akhale wamng'ono kwa inu. Ndipo pa ulendo uliwonse, wa ndege, wa galimoto kapena wa bwato, nenani zoona za kumene mukupita, chifukwa okufunani adzayambira kumene munanena. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka aja amati "ine sindinachitepo ngozi."