Manja a M'thumba

"Wabisanso manja anga m'thumba!" anaseka bambo a mapasa, akuloza ndi mlomo chithunzi chimene mkazi wawo anawajambula kuti mlamu wawo aone. "Chaka chonse ukuphunzira kujambula anthu, zala zikukukanikabe? Ingosiya, ukungotha mapensulo."

Mayi a mapasa anasiya zochapa, napukuta thovu m'manja. Anasolola pepala lina pansi pa tebulo, naliyala pamaso pa onse. Anali atajambulapo manja awo omwe, zala zong'aluka ndi sopo, chipsera cha mpeni chili pamalo pake.

"Aphunzitsi anati tizijambula zimene maso aona," anatero. "Anuwo, bambo, ndinawaona liti? Atulutseni, pensulo ndi iyi."

Mlamu anatsokomola, nayang'ana kudenga. Bambo a mapasa anadziyang'ana. Manja onse awiri anali m'thumba.