Manda a Tanios Agwera Kutsidya

"Madzi odalitsa muli nawo, miyendo muli nayo. Chavuta n'chiyani, Abambo?" anafunsa Warde.

Wansembe wa m'mudzimo, Abuna Jiryes, analoza waya wa malire amene asilikali anamanga kuseri kwa tchalitchi. "Make Tanios, manda aja agwera kwa Afalansa, m'dayosizi ya Turo. Ife tili kwa Angerezi, episkopi wathu ndi wa ku Akka. Sindingadalitse nthaka ya eni."

"Mwanayo munamubatiza ndinu! Chimuikireni sanagone. Masana ano ndamuonanso ataima pakhomo panga, nsapato zili m'manja ngati mlendo."

"Pempherani, mayi."

"Kupemphera ndi ntchito yanu. Ine ndikukakumba."

Anakumbadi. Msilikali wolondera waya anafuna nkhuku zitatu kuti ayang'ane kumbali, koma analandira imodzi, yosiya kuikira. Alongo ake a Warde ananyamula bokosi n'kukalikwirira m'munda mwake, kumunsi kwa mudzi. Abuna anawaza madzi, anthu anadya tirigu wophika wa chikumbutso, ndipo Tanios analeka kubwera.

Nyengo yothyola azitona itafika, kunabwera azungu ena ndi zingwe zoyezera. Anazula waya uja n'kukamuzika kumunsi, pakati pa nyumba ndi minda.

Abuna anafika kwa Warde akupukuta thukuta. "Manda akale abwerera kwa ife, Make Tanios. Koma munda wanu uja tsopano..."

Warde anapitiriza kukanda ufa wa buledi.

"Ndamva kale, Abambo. Pampandopo musakhalepo, pali munthu."