Khadi la Ramsey wa ku Ndirande

Kutangoda, a Fletcher Likhutcha a ku Bangwe anatuluka ndi wailesi kukhwapa kukagula mabatire paokala, poti akale anali atatha n'kuwataya. Tsiku limenelo sankafuna kuphonya pulogalamu ya moni. Anali atatumiza khadi lokumbukira anzawo atatu a kalabu ya omvera amene anamwalira chaka chimenecho. Anthuwo sanaonanepo nawo maso ndi maso; ankadziwana ndi mayina okha, owerengedwa pawailesi Lachisanu lililonse.

Pobwerera, njira ya kuseri kwa chigayo inali zii, ngakhale galu wouwa panalibe. Kenaka wailesi ija inayamba kulankhula.

"Khadi lotsatirali lachokera kwa Ramsey Muhiwa wa ku Ndirande," anatero muulutsi.

A Fletcher anaima. Ramsey ndiye anali woyamba kumwalira pa atatu aja. "Wina akusewera ndi maliro," anang'ung'udza motero, akusinkhasinkha amene angachite chipongwe chotere. Mwina Stewart wa ku Chilomoni, wansanje uja wa m'kalabu yawo yomweyo.

"Ramsey akuthokoza pomukumbukira," anapitiriza muulutsiyo. "Akupereka moni kwa a Fletcher, amene panopa aima kuseri kwa chigayo atavala jekete yabuluu. Akuti musatembenuke achimwene, poti inu ndi iye simunazolowere kuonana."

A Fletcher anapisa dzanja m'thumba la jekete. Mabatire onse anayi anali momwemo, akadali okulunga m'pepala.

Kumbuyo kwawo wina anakhosomola mwaulemu, monga achitira mlendo asananene kuti odi.