Tinungu Totsala pa Mwala Wathu

Lamulo likuti banja lililonse lizidya za pa mwala wake wa m'nyanja yamchere, osakhudza wa mnzake. Chaka chatha matenda anapha tinungu ta m'nyanja, tizilombo taminga tija timadya ndere. Pa miyala ya anzathu ndere zaphuka ngati nkhalango, ndipo nsomba zabwerera. Pa mwala wathu pokha ndi pamene tinungu tinapulumuka, moti pali mbee ngati dazi.

Amuna anga, a Mkwapatira, anatha zaka khumi akuphwanya tinungu ndi nyundo molamulidwa ndi boma. Minga inawapundula zala ziwiri. Lero m'mawa kunabwera mayi wa boma woyendera miyala, n'kuwauza kuti totsalato ndi tosowa tsopano, azitilondera.

"Nanga ife tizidya chiyani, mayi?" ndinafunsa.

"Pirirani. Tinunguti tikatha, ndere zidzachulukitsa n'kukuta miyala yonse mpaka kuiwononga," anayankha uku akujambula mwalawo.

Atachoka ndinakazinga tinsomba tiwiri timene a Nangondo, oyandikana nafe, anatipatsira kumpanda mobisa. Mphika wathu waukulu wa ndiwo masiku ano ndimatungira madzi.

"Bambo a Tiyesenji, nyundo ija ikadalipo kuseri kwa chitseko," ndinawanong'oneza amuna angawo.

"Aboma akadzawerenga tinunguto n'kupeza kamodzi kasowa, atilanda mwala. Tidzalowera kuti?"

Anadya mutu wa nsomba wokha, n'kuvala chipewa. Masana onse anali chiimire m'madzi ofika m'chiuno, akupirikitsa mbalame ndi dzanja lopunduka lija kuti zisajomphe tinungu.