Masitepe a Pafulati ku Maitland

A Sosten anali pa sitepe yachisanu ndi chiwiri, akupuma ngati mvukuto, pamene amayi a mvano anatulukira pageti kudzawazonda.

"Mayi Esinati! Odwala mukuwakweza masitepe?" anakuwa motero atcheya, Mayi Mpinganjira, jumbo la malalanje n'kugwa pansi.

Esinati sanachotse maso pa foni imene ankawerengera mphindi. TB itawononga mapapo a amuna ake, achipatala anati azikwera masitepe a pafulati, nyumba yosanja imene ankakhala, tsiku lililonse. Miyezi iwiri yathunthu ankathera pa sitepe yachisanu ndi chimodzi. Lero lokha ndiye anali atapitirira.

"Mankhwala ake ndi omwewa, amayi. Chonde asiyeni."

"Mankhwala ake ati? Kwathu wodwala amagona, ife n'kudzamuona. Mukufuna tiwatumize ku Malawi m'bokosi?"

Esinati asanayankhe, wina anali atabweretsa kale mpando wapulasitiki. Anawakhazika a Sosten, amayi anayi n'kuwanyamula, ena akuyimba kolasi m'mbuyo. Esinati anatsonya, n'kuimitsa nthawi pa foni ija.

Atafika pamwamba anautula mpandowo, onse ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu m'mayunifolomu oyera.

A Sosten anakoka mpweya m'mphuno, n'kuutulutsa pang'onopang'ono atasongola milomo, monga anawaphunzitsira kuchipatala. Kenako anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, amayi, Mulungu akudalitseni. Tsopano mundibwezere pomwe mwanditenga paja. Ndinali pa seveni."