Rauta ya Pansi pa Tebulo

Mayi wa mushopu anali atalumbira kale kawiri kuti katundu wake sananamizepo munthu, koma Mawaya anati ayatse kaye. Makina akale sagula ndi maso. Mayiyo anawerama kufufuza soketi kuseri kwa mulu wa makompyuta akufa, uku akudandaula za msana, ndipo maswichi awiri amene Mawaya anasankha anayamba kulira, fumbi likutuluka m'mafani ake oziziritsira.

Dzina loti Mawaya anamupatsa ndi a kuntchito. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankayang'anira maswichi ndi marauta a kampani, timabokosi tachitsulo tolumikiza makompyuta kuti azilankhulana. Ntchitoyo akanaigwira ngakhale atatsinzina. Chimene analibe ndi pepala basi. Mwezi watha bwana anaitana onse atatu a m'chipinda cha makina n'kuwauza kuti chaka chino patsala mpando umodzi, ndipo adzaukhale ndi wa setifiketi ya netiweki. Kenako anamukokera Mawaya pambali n'kumupatsa tchuthi cha mwezi wathunthu kuti akawerenge. Anzake awiri aja sanapatsidwe. Galu wamkota sakandira pachabe, anatero Mawaya mumtima, mpandowo bwana akusungira ine.

Kusangalala ndiye sanasangalale. Mantha a kutha kwa ntchito anali atamudya miyezi yambiri mpaka mtima unachita dzanzi, ngati mwendo woukhalira nthawi yaitali. Ankadzuka, kuwerenga, kudya zimene mkazi wake wamuikira osamva kukoma, kuwerenganso. Foni anaithimitsa n'kuiponya m'dirowa. Ana atatu ankayenda monyang'ama m'nyumba poti adadi akuwerenga. Bambo wa imvi m'ndevu kumaloweza manambala ngati mwana wa sukulu, koma dzikoli abale!

Mabuku okha sanali okwanira. Mayeso a setifiketiyo amafuna munthu amene waononga makina ndi manja ake n'kuwakonzanso, ndipo makina a kuntchito sungaseweretse. N'chifukwa chake masana amenewo anali mushopu yothinana ija, kufuna maswichi awiri ndi rauta imodzi zoti akayale patebulo kunyumba.

Maswichiwo anali bwino. Mayi uja, ataona kuti kasitomala sakutsutsa, anatulutsanso mpukutu wa mapepala a mayeso oyeserera, mafunso mazana anayi, m'mbali muli mayankho a pensulo a munthu wina. Anati mwini wake anakhoza kamodzi n'kamodzi. Kwa mayi ameneyu aliyense amene anamugulitsapo mapepala anali atakhoza, ena mpaka anakwera ndege. Mawaya anavundukula masamba awiri atatu, maso akungodutsa pamwamba pa zilembo, n'kunena kuti atenga.

Rauta ndiyo inavuta. Za pashelefu zinali zakale kwambiri, zosagwirizana ndi mayeso a masiku ano. Mayiyo anadzikanda m'mutu, kenako anakoka ina pansi pa tebulo, yoyera bwino, ya mtundu umene makampani ambiri amagwiritsa ntchito. Anati inabwera Lolemba pa lole, pamodzi ndi katundu wina wa kampani ina imene yapereka ntchito yonse ya netiweki kwa anthu akunja. Chipinda chonse anachiphwasula, ndi mashelefu omwe. Dalaivala wa loleyo anamuuza kuti onse a m'chipindamo ntchito yawathera, makalata analembedwa kale.

Mawaya anangogwedeza mutu. Anayesa kuwamvera chisoni anthuwo koma chisoni sichinabwere. Anangoganiza kuti n'zimene zimachitikira anthu ogona, odikira kuti madzi afike m'khosi asanasake pepala.

"Vuto ndi limodzi, achimwene," anatero mayiyo. "Inabwera yokiya. Pasiwedi sitikuidziwa. Amuna anga alimbana nayo mpaka atopa. Mukakhoza kuifufuta nokha, ndikuchotserani mtengo."

Kufufuta pasiwedi si nkhani kwa munthu wa ntchitoyi. Mawaya anatulutsa laputopu m'chikwama, analumikiza chingwe, n'kukhala pa kreti yopanda kanthu kudikira kuti rautayo idzuke. Inatenga nthawi, monga zimachitira zonse. Mayiyo anali atayamba nkhani ya mlamu wake amene analephera mayeso omwewo katatu n'kukayamba kuweta nkhuku, ndipo pano ndi wonenepa kuposa onse. Panja wina ankakhoma chitsulo. Mawaya sankamva za nkhuku kapena za chitsulo. Anangoti maso tong'o pa laputopu, mutu uli zii, monga ankakhalira m'mawa uliwonse pa desiki yake tiyi asanafike.

Mzere wofunsa pasiwedi utatuluka, zala zinapita zokha. Sanaganize n'komwe. Zinagogoda zilembo khumi ndi ziwiri zimene zinazolowera, chala chaching'ono n'kutsiriza ndi batani lalikulu.

Rautayo inatseguka.

Mayi uja anasiya nkhani ya nkhuku pakati. Anasuzumira pa laputopu, kenako anayang'ana kasitomala wake.

"Inu achimwene, mwalowa bwanji?"

Mawaya ankayang'ana zala zake. Pa laputopu panali patatuluka dzina la kampani yake. Pasiwediyo anaisintha yekha, Lachisanu lija ankatsanzika kupita ku tchuthi.