Mwana wa Foni

Erlinda anakhala kuseri kwa galasi loonera mbali imodzi, atafumbata chikwama pachifuwa. M'chipinda chinacho Jomari, mwana wake wa zaka zisanu, ankasanja timatabwa pamaso pa Mayi Sumagaysay, katswiri woyeza maganizo a ana. Kalata ya kusukulu ya mkaka sinapite m'mbali: akapanda kupimidwa, asadzapondeko phazi. Anali ataluma aphunzitsi pofuna kuwalanda foni.

Matendawo Erlinda ankawadziwa kale. Zaka zinayi iye akukolopa nyumba za eni ake ku Kuwait, amayi ake, agogo a mwanayo, kuno ku Iloilo ankangomupatsa foni ngati switi. Atabwerako miyezi iwiri yapitayo anapeza mwana wosayang'ana munthu kumaso, wogona foni ili patsaya. Anaikhomera m'kabati tsiku lomwelo. Ndiye kunali kuputa zina. Mwana anayamba kukodza pogona, kumenyetsa mutu kukhoma, pakamwa kuti zii. Erlinda anamukwapulapo ndi patapata kangapo, kenako n'kukalira yekha kubafa. Ankaopa chinthu chimodzi, kuti auzidwa kuti bongo unawonongeka ndipo palibenso chochita.

Timatabwa tija Jomari anatisanja bwinobwino. Zithunzi zimene anafunsidwa analoza osaphonya. Ndiye katswiri anamukankhira bokosi la zidole kuti asankhe yekha. Anadumpha galimoto, anadumpha mpira, n'kutulutsa kafoni kapulasitiki kukaika pakhutu.

Erlinda anatsonya, n'kudziyankhulira yekha. “Si zimenezo! Foni, foni, foni. Amayi munandiphera mwana.”

“Ukuimbira ndani, mwanawe?” anafunsa Mayi Sumagaysay.

“Sindikuimba. Ndikudikira.”

Erlinda anadzambatuka pampando. Panali patatha milungu isanu ndi umodzi asanamve mawu a mwana wake.

“Ukudikira ndani?”

“Amayi anga. Amaimba Lachisanu lililonse.”

“Nanga aja wabwera nawo m'mawa uno ndi ndani?”

Jomari anacheukira kukhomo, n'kutsitsa mawu.

“Amangofanana nawo. Amayi anga samenya. Chibwerereni amenewo kwathu, amayi sanaimbeponso.” Anakweza maso n'kuyang'ana katswiriyo. “Mundiuze inuyo, agogo akungondinamiza. Kodi amayi anamwalira?”